Ma Jamaican ndi ma Afghan kuno ku UK: kusiyanaku kukuchokera pati?

Mayi a Tadala (Luton)
Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha tiliyankhe mwaulemu chifukwa likukhudza anthu anzathu. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira, mabwana ambiri ndi amayi a mtundu wa ku Jamaica. Ali ndi nyumba zawozawo, ena anapuma kale ku NHS (zipatala za boma za kuno), akungobwera masiku ochepa pa sabata. Koma ma Afghan omwe ndimawaona m'tauni muno ambiri ndi anyamata. Akuyendetsa Uber, akuperekera zakudya pa njinga, akutsuka magalimoto, ena ali m'mashopu a mafoni. Azimayi awo kuntchito sindiwaona. Onsewa ndi obwera ngati ife tomwe, nanga kusiyanaku kukuchokera pati? Mnzanga wina kuntchito akuti ndi chipembedzo basi. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa chomuyankha.

A Chisale (Birmingham)
Mayi a Tadala, yambani mwafunsa kuti anafika liti, ndipo analowera khomo liti.

Sitima ya Empire Windrush inakocheza padoko la Tilbury mu June 1948 itanyamula anthu mazanamazana a ku Caribbean, ambiri a ku Jamaica. Anthuwa sanabwere kudzapempha malo. Jamaica inali m'manja mwa Angerezi kuyambira 1655 mpaka 1962, choncho mwalamulo anali anthu a mfumu ya kuno, ololedwa kulowa, kukhala ndi kugwira ntchito. Ena anali atamenya nawo nkhondo yachiwiri m'gulu la ndege la RAF, monga Sam King amene pambuyo pake anadzakhala meya wa Southwark. Dziko linali litaphwasuka ndi nkhondo, ntchito zili mbwee: njanji, mabasi, mafakitale a kuno ku Midlands, ndi NHS yomwe inatsegulidwa mu July chaka chomwecho. Ena mwa ofika oyambirirawo anawagoneka m'malo obisalira mabomba pansi pa nthaka ku Clapham South, ndipo ofesi ya zantchito yapafupi inali ku Brixton. Mwaona mmene Brixton inakhalira mudzi wawo? Munthu amatsika sitima, pasanathe mwezi ali pantchito, Chingerezi akulankhula kale, sukulu anaphunzira ya dongosolo la kuno.

Ma Afghan nkhani yawo ndi ya nkhondo. Asilikali a Soviet analowa m'dziko lawo mu December 1979, boma linagwa mu 1992, a Taliban analanda Kabul mu 1996, America ndi anzake analowa mu 2001, a Taliban nkubwereranso pa 15 August 2021. Chaka chilichonse mwa zimenezi chinatulutsa chikhamu cha othawa. Kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza obadwira ku Afghanistan pafupifupi 85,000, ndipo ochuluka anafika chaka cha 2000 chitayandikira kapena chitadutsa. Obadwira ku Jamaica analipo pafupifupi 140,000, koma chiwerengerochi chikutsika chifukwa akuluakulu akumwalira, ena akubwerera kwawo, ndipo ana ndi zidzukulu zawo anabadwira konkuno. Ndiye inu mukuyika mtengo wa mango wa zaka 70 pambali pa mbande yongochoka ku nazale, nkumafunsa kuti bwanji winawu sukubereka.

Nabanda (Manchester)
A Chisale mwalasa, koma musapangitse anthu kuganiza kuti ma Jamaican anawalandira ndi manja awiri. Ine ndine namwino ndipo ndagwirapo ndi amayi achikulire a kumeneko. Zimene amafotokoza zimagwetsa misozi. Odwala ena ankakana kukhudzidwa ndi munthu wakuda. Atsikana ambiri ankawakankhira ku maphunziro a unamwino a zaka ziwiri, otchedwa SEN, omwe munthu samakwezedwa nawo, pomwe iwo ankafuna a zaka zitatu. Ndiye wina anatha zaka 30 akuphunzitsa ntchito ana achizungu omwe mawa lake amadzakhala mabwana ake.

Za nyumba zomwe mukusilirazo, Mayi a Tadala, anagula chifukwa chokanidwa. Eni nyumba za lendi ankapachika zikwangwani zoti sakufuna anthu akuda, mabanki osapereka ngongole. Iwo anayamba chipereganyu chawo chomwe amachitcha pardner. Mayi mmodzi wokhulupirika amasunga ndalama, aliyense amaponya sabata ndi sabata, wina nkulandira zonse. Ndalama imeneyo inagula nyumba zakale zong'ambika ku Brixton, Handsworth, Chapeltown, St Pauls ndi kuno ku Moss Side, inalipiranso matikiti oitanitsira ana omwe anasiyidwa kwa agogo. Mwini nyumba amakhala chipinda chimodzi, zina zonse nkuikamo anzake ongofika kumene. Lero nyumba za ku Brixton zija mtengo wake ndi wosayamba, koma si onse anazisunga.

Yohane K. (Coventry)
Pepani akuluakulu, ine ndinena zomwe ambiri akuopa kunena. Ma Afghan a 2021 boma linawanyamula pa ndege ulere, linawaika m'mahotela, chakudya chaulere, kenako mapepala okhalira mpaka kalekale. Ine viza ndinalipira ndekha, ndalama ya chipatala yomwe obwera pa viza timalipira ndi £1,035 pachaka, pakhadi panga analemba kuti ndisalandire thandizo lililonse la boma. Ndikagwira mashifiti awiri msonkho akudula. Ndiye wina wopatsidwa zonse akhalebe pansi, tiziti vuto ndi mbiri? Ma Jamaican aja palibe amene anawapatsa hotela, koma anadzimanga okha.

Esnart (Leeds)
Achimwene a Yohane, kuwawa kwanu ndikukumva, inenso ndinadutsa momwemo. Koma mwaphatikiza magulu awiri osiyana, ndipo ntchito yanga ndi yothandiza anthu amenewa kudzaza mafomu, ndiye ndiloleni ndilekanitse.

Gulu loyamba ndi la omwe anatengedwa pa bwalo la ndege la Kabul mu August 2021, anthu pafupifupi 15,000 m'masabata awiri, kuphatikizapo nzika za Britain. Ambiri anali omasulira a asilikali a kuno, ogwira ku ofesi ya kazembe, ndi mabanja awo. Anabwera kudzera m'ndondomeko za boma zosamutsira ma Afghan kuno, zotchedwa ARAP ndi ACRS. Zoona, awa amaloledwa kugwira ntchito pompopompo. Koma hotela ija musaitenge ngati tchuthi. Banja la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri, popanda khitchini, chaka chathunthu, ena zaka ziwiri. Makhonsolo analibe nyumba zazikulu zokwana mabanja otere. Bambo akangopeza kantchito, mwana akangozolowera sukulu, kalata yafika yoti mukusamukira tauni ina. Mu 2023 boma linawapatsa notisi yoti atuluke m'mahotelamo pofika kumapeto kwa August, ena anakathera ku khonsolo ngati osowa pokhala.

Gulu lachiwiri ndi lalikulu ndipo ndi lomwe Mayi a Tadala akuliona pa njinga. Awa anayenda okha kudutsa Iran, Turkey, Greece kapena Bulgaria mpaka ku Calais ku France, ena pa lole, ena pa timabwato ta mphira. Mu 2023 ndi 2024 ma Afghan ndi omwe anali ochuluka kuposa mtundu wina uliwonse pa timabwato timeneti. Munthu wotere akapempha chitetezo, lamulo limamuletsa kugwira ntchito. Akadikira miyezi 12 osayankhidwa ndi pamene angapemphe chilolezo, ndipo ntchito zake ndi za pamndandanda waung'ono wa boma. Amalandira pafupifupi £49 pa sabata, ndipo akakhala kohotela komwe amadyetsedwa, sikwana ngakhale £10. Sasankha tauni yokhala. Kuyambira lamulo la 1999 amawamwaza kumene nyumba ndi zotsika mtengo, komwenso nthawi zambiri ntchito ndi zosowa. Tsiku lomwe amuvomera, amapatsidwa masabata ochepa chabe kuti atuluke m'nyumba ya boma, alibe dipoziti, alibe kalata ya bwana wakale, alibe mbiri ku banki.

Ndiye onani kusiyana kwake. Wa Windrush boma linkafuna manja ake koma anthu osafuna nkhope yake. Wa ku Afghanistan manja ake lamulo limayamba lawamanga kaye. Kafukufuku ku Germany ndi Switzerland anasonyeza kuti munthu akadikira nthawi yaitali osaloledwa kugwira ntchito, zimamutengera zaka kuti adzafanane ndi anzake, ngakhale chiletso chitachoka.

Yohane K. (Coventry)
Achemwali, zina sindimadziwa, makamaka ya £10 iyo. Koma akapatsidwa mapepala bwanji sakalowa ntchito zenizeni? Care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ikusowa anthu tsiku ndi tsiku.

Che Jafali (Southall)
Asalaam aleikum abale. A Yohane, ine ndimaswali nawo anthu amenewa Lachisanu lililonse, ndipo ndikukhala pakati pawo kuno kumadzulo kwa London, komwe achulukira: Southall, Hounslow, Harrow, Hayes. Choyamba, mawu oti "ma Afghan" akubisa zambiri. Muli a Pashtun, a Tajik, a Hazara, a Uzbek. Ena amalankhula Pashto, ena Dari. A Hazara ambiri ndi a Shia ndipo kwawo akhala akuzunzidwa kwa zaka zambirimbiri. Mulinso a Sikh a ku Afghanistan omwe anathawa m'ma 1990. Bwerani pa Southall Broadway mudzaone mashopu a nsalu ndi mafoni, ambiri ndi awo, ndipo ali ndi kachisi wawo konkuno. Amenewo si osauka ayi. Anafika ndi luso la malonda la ku Kabul ndi Jalalabad, anangolisamutsa.

Chachiwiri, uja akuyendetsa Uber musamuderere. Amene ndimakhala naye pafupi mu mzikiti anali woweruza milandu, wina anali injiniya wa misewu. Satifiketi yawo kuno siwerengedwa msanga, ena anaisiya pothawa, ndipo sungalembe kalata ku unduna wa a Taliban kuti akutumizire ina. Dokotala ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi, kenako PLAB, mayeso a madokotala ophunzira kunja, zonse zolipira, kwinaku ana akufuna kudya. Galimoto ikumupatsa ndalama sabata yomweyo, nthawi yoswali akudzisankhira, bwana womufunsa za kalankhulidwe palibe. A ku Oxford anafufuzapo za othawa kwawo kuno: ogwira ntchito anali pafupifupi theka, pomwe obadwira konkuno ndi pafupifupi atatu mwa anayi, koma othawa kwawowo ndi omwe amayambitsa mabizinesi awoawo kwambiri. Ulesi ukanakhalapo, bizinesi akanayamba bwanji?

Chachitatu ndi ngongole. Mnyamata wofika pa bwato nthawi zambiri banja linagulitsa munda kapena kukongola kuti lilipire omuzembetsa. Ndalama yoyamba imapita kumeneko kudzera ku hawala, njira yotumizira ndalama kudzera mwa anthu osati banki, chifukwa mabanki a ku Afghanistan anasokonekera kuyambira 2021. Kumudzi kuli anthu khumi kapena kuposa akudalira iyeyo. Ife Amalawi izi timazidziwa, koma kwathu kulibe boma lomwe laletsa mlongo wako kugwira ntchito zambiri kuti azidzithandiza yekha.

Mayi a Tadala (Luton)
Che Jafali zikomo kwambiri. Koma nkhani ya azimayi ija mwailambalala. Pamenepo chikhalidwe sichikukhudzapo?

Che Jafali (Southall)
Chikukhudzapo, mayi, sindingakane. Alipo amuna ena omwe safuna mkazi atuluke, ndipo ndakanganapo nawo. Koma si Chisilamu, chifukwa mkazi wanga ndi Msilamu ndipo amagwira ntchito, amayi a ku Mangochi amachita geni kuyambira kale. Onani sukulu. Pa ulamuliro woyamba wa a Taliban, 1996 mpaka 2001, atsikana sankaloledwa kupita kusukulu. Atsikana a nthawi imeneyo ndiwo amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40 omwe mukuwaona akukankha ngolo za ana. Ku Afghanistan azimayi odziwa kuwerenga sakwana mmodzi mwa atatu. Tsono mayi yemwe sanagwirepo pensulo m'chilankhulo chake, mukumuuza aphunzire Chingerezi, cholembedwa ndi zilembo zina, choyambira kumanzere pomwe chawo chimayambira kumanja, ali ndi ana asanu, kalasi yophunzitsa Chingerezi ya ESOL ili ndi mndandanda wodikira ndipo kulibe wosiyira mwana. Pano a Taliban atsekanso sekondale kwa atsikana, mayunivesite anawatsekera azimayi mu December 2022.

Nabanda (Manchester)
Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu ndithu. Mayi wa ku Jamaica nthawi zambiri ankabwera yekha, ndi sutikesi yake, kudzaphunzira unamwino kapena kudzasoka m'fakitale. Kwawo mkazi kugwira ntchito ndi kusunga chuma cha pakhomo si chachilendo, zinayamba kalekale m'minda ya nzimbe pa nthawi ya ukapolo mpaka m'misika. Mpaka lero azimayi a ku Caribbean ali m'gulu la omwe amagwira ntchito kwambiri m'dziko muno. Khomo la malipiro awiri ndi khomo la malipiro amodzi lodyetsa anthu asanu ndi atatu, pakatha zaka 20 sangafanane.

Tiyamike (London)
Moni makolo anga. Ine ndinakulira kuno ndipo ndimaphunzitsa kusekondale. Ndikuona ngati tikukamba ngati ma Jamaican zawo zinayera. Anti a Tadala, mukuona mabwana a kuntchito kwanu, koma simukuona adzukulu awo omwe ndimakhala nawo m'kalasi.

M'ma 1960 ana ambiri a ku Caribbean ankatumizidwa kusukulu za ana omwe boma limati mutu wawo sugwira, chifukwa choti amalankhula Patois, chilankhulo cha kwawo, kapena alephera mayeso ofunsa zinthu za ku England zomwe sanazionepo. Mphunzitsi wina wa ku Grenada, Bernard Coard, anaulula zimenezi mu 1971, makolo nkuyamba sukulu zawo za Loweruka. Kenako mafakitale anatsekedwa m'ma 1970 ndi 1980, ntchito za abambo zija zinatha, anyamata nkumagwidwa ndi apolisi mumsewu pongowaganizira. Zipolowe za ku Brixton za 1981 zinachokera pamenepo. Stephen Lawrence, mwana wa makolo a ku Jamaica, anaphedwa ku Eltham mu 1993 akudikira basi, ndipo lipoti la Macpherson la 1999 linati m'polisi ya London tsankho linazika mizu. Mpaka lero ana a mtundu wa ku Caribbean amachotsedwa sukulu kwambiri kuposa ana achizungu, ndipo pa mayeso a GCSE amatsalira kumbuyo kwa ana a makolo ochokera ku Africa, omwe anafika posachedwa.

Pa chuma, bungwe la Runnymede Trust linawerengera mu 2020 kuti pa £1 iliyonse ya chuma cha banja lachizungu la kuno, banja la ku Caribbean lili ndi pafupifupi 20p, la ku Africa 10p. Zaka 70, Chingerezi, tchalitchi, mayina achingerezi, zonse anali nazo, koma afika pa 20p. Inde alipo a Diane Abbott amene analowa nyumba ya malamulo mu 1987, alipo a Bill Morris amene anatsogolera bungwe lalikulu la apantchito. Mbali ya ma Afghan aliponso Dr Waheed Arian, anafika kuno yekha ali ndi zaka 15, anakaphunzira ku Cambridge. Koma mayina ochepa otchuka sakuuza mmene banja wamba likukhalira. M'kalasi mwanga atsikana a ku Afghanistan ndi ena mwa olimbikira kwambiri, chifukwa akudziwa kuti asuweni awo kumudzi atsekeredwa pakhomo. Sindidzadabwa zaka 20 zikubwerazi nkhaniyi itatembenuka pena.

A Mwale (Lilongwe)
Ine ndili kumudzi kuno koma ndikutsatira. Zomwe a Esnart afotokoza sizachilendo kwa ife. Ku Dzaleka ku Dowa kuli anthu oposa 50,000 pamalo omwe anakonzera anthu 10,000 kapena 12,000. Lamulo lathu la 1989 ndi ndondomeko ya boma zimafuna akhale mukampu, ntchito ndi bizinesi kunja nzovuta. Omwe anatuluka nkutsegula magolosale m'mataunimu anawasonkhanitsa mu 2023 nkuwabwezera konko. Akakhala mukampu timati akudya zaulere, akatsegula shopu timati atilanda geni. A Yohane, mawu anu aja ndimawamva mu minibasi kuno, kungoti amanenera a ku Burundi ndi Congo.

Yohane K. (Coventry)
A Mwale, musandiyike gulu limodzi ndi odana ndi alendo, inenso ndine mlendo. Mfundo yanga ikadali yomweyo: wobwera mwalamulo, wolipira zonse, asamaoneke wopusa.

A Chisale (Birmingham)
Mphwanga Yohane, mawu oti "mwalamulo" ndi omwe andibweza. Palibe anabwera mwalamulo kuposa ana a Windrush. Lamulo la 1971 linati onse a m'maiko a Commonwealth omwe anali atakhazikika kuno isanafike January 1973 ali ndi ufulu wokhala mpaka kalekale. Koma ambiri sanapatsidwe pepala losonyeza zimenezo, ndipo ana ambiri analowa pa pasipoti ya makolo. Mu 2010 boma linawononga makhadi akale osonyeza tsiku lomwe anthuwa anatsika sitima. Kuyambira 2012, a Theresa May ali nduna ya zam'dziko, anakhwimitsa malamulo kuti bwana, mwini nyumba, banki ndi chipatala azifunsa mapepala. Agogo omwe analipira msonkho zaka 40 anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa mankhwala a khansa, ena anauzidwa abweretse umboni wa chaka chilichonse chomwe akhala kuno.

Mayi Paulette Wilson a ku Wolverhampton, pafupi pompano, anabwera kuchokera ku Jamaica mu 1968 ali ndi zaka 10. Anagwirapo ntchito yophika kunyumba ya malamulo ku Westminster. Mu 2017 anawatsekera ku Yarl's Wood, malo osungira anthu oti athamangitsidwe m'dziko, anatsala pang'ono kuwakweza ndege kupita kudziko lomwe analisiya ali mwana. Anamwalira mu 2020. Nkhaniyi itaphulika mu 2018 nduna Amber Rudd inatula pansi udindo, ndipo zinadziwika kuti anthu osachepera 83 anathamangitsidwa m'dziko molakwika. Chipukuta misozi chinayamba mu 2019 koma ena amwalira akudikira. Banja lomwe gogo wake anachotsedwa ntchito ali ndi zaka 60, nkudya ndalama zonse zomwe anasunga, adzukulu adzalandira chiyani?

Ma Afghan nawonso pepala lawapweteka mwa njira yawo. Mu 2022 mndandanda wa anthu pafupifupi 19,000 omwe anapempha kubwera kudzera ku ARAP unatuluka molakwika kuchokera ku unduna wa zachitetezo, mayina a anthu omwe a Taliban akuwasaka, ndipo nkhaniyi inabisidwa ndi chiletso cha khoti mpaka July 2025. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Viza ya care yomwe ambiri muno munalowera inatsegulidwa mu February 2022, mu March 2024 analetsa kubweretsa banja, mu July 2025 anatseka kulemba anthu ochokera kunja. Sungani ma payslip, makalata a khonsolo, ma P60 (mapepala a msonkho a pachaka) ndi makalata a sukulu a ana anu, chaka ndi chaka, ndipo mwana akakwanitsa zoyenera mulembetseni unzika, musadikire.

Mayi a Tadala (Luton)
A Chisale mwandiopsa, wanga wamng'ono anabadwira kuno koma sindinamupangire kalikonse. Achemwali a Esnart, ndikupezani kumbali. Koma ndifunsenso chimodzi: anyamata aja bwanji sakuitanitsa akazi awo monga ankachitira ma Jamaican ndi pardner? Mwina akanakhazikika msanga.

Esnart (Leeds)
Ndipezeni mayi, koma dziwiranitu kuti kubadwira kuno pakokha sikupereka unzika kuyambira 1983. Zimatengera mapepala a makolo, kapena mwanayo akhale kuno zaka 10 zoyamba za moyo wake, ndipo fomu yake ndi yolipira.

Za akazi awo, ambiri akufunitsitsa. Wovomerezedwa ngati wothawa kwawo ankatha kuitanitsa mkazi ndi ana osakwana zaka 18 popanda kusonyeza malipiro. Vuto linali loti ku Kabul kulibenso ofesi ya kazembe wa Britain, ndiye mkazi amayenera kuwoloka kupita ku Pakistan kapena Iran kukadinda zala, ndipo a Taliban salola mkazi kuyenda ulendo wautali popanda mwamuna wachibale. Ku Pakistan nako kuyambira kumapeto kwa 2023 akhala akuthamangitsa ma Afghan. Kenako mu September 2025 boma la kuno linaimitsa kulandira mafomu atsopano a njira imeneyi. Yomwe inatsala ndi ya wina aliyense, yofuna malipiro a £29,000 pachaka kuphatikizapo ndalama za viza ndi za chipatala. Woperekera zakudya pa njinga kuti afike pamenepo ndi umboni wake wa msonkho, ndiye mashifiti a usana ndi usiku omwe mukuwaona aja.